Mbiri ya grep, find ndi paipi: zida zofufuzira mafayilo zimene zinabadwira pakati pa olemba

Sabata ino tili ndi nkhani ya mbiri, koma tiyambe kaye ndi vuto limene ambirife timalidziwa bwino.

Munalemba ndakatulo zaka zitatu zapitazo. Lero mukukumbukira mzere umodzi wokha, uja wa mvula yoyamba ndi fungo la dothi. Mutu wake munaiwala. Mu laputopu muli mafayilo mazanamazana, ndipo mayina ake ndi aja timawadziwa: "ndakatulo yatsopano", "ndakatulo yomaliza", "yomaliza yeniyeni", "yomaliza yeniyeni 2". Mumayamba kutsegula imodziimodzi, magetsi n'kuthima musanafike ndi pakati pomwe. Ena mwa inu munataya buku lathunthu mwa njira imeneyi, lilipo ndithu penapake koma silikupezeka.

Vutoli ndi lakale kuposa mafoni athuwa, ndipo mankhwala ake anapezeka zaka zoposa 50 zapitazo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti amene anawapeza ankalimbana ndi ntchito yonga yathu yomweyi: kutaipa, kukonza zolembedwa, kusaka mawu, ngakhale kufufuza kuti nkhani yakuti analemba ndani.

Tibwerere ku America, zaka za m'ma 1960. Kompyuta ya nthawiyo inalibe mausi, inalibe tizithunzi todina. Munthu ankakhala pa makina onga taipilaita otchedwa Teletype, n'kulemba lamulo, kompyuta n'kuyankha posindikiza pa pepala. Mtundu wotchuka wa makinawa, Model 33, unkasindikiza zilembo 10 pa sekondi imodzi, ndipo mabatani ake anali olimba. N'chifukwa chake malamulo amene tinatengera ku nthawi imeneyo ali ndi mayina aafupi ngati munthu wotopa: ls woonetsa mafayilo, cp wokopera, mv wosamutsa, rm wofafaniza.

Pa sukulu ya ukachenjede ya MIT panali katswiri wa ku France, Louis Pouzin. Iyeyu anatopa ndi kulemba malamulo omwewomwewo tsiku ndi tsiku, ndiye cha m'ma 1964 anakonza pulogalamu yotchedwa RUNCOM. Ganizo lake linali losavuta: lembani malamulo anu onse mu fayilo imodzi, kenako uzani kompyuta iwerenge fayiloyo n'kuchita zonse motsatana. Apa ndi pamene panachokera chimene lero timachitcha shell script. Pouzin yemweyo ndi amene anapereka dzina loti shell, kutanthauza chikamba, kwa pulogalamu imene imalandira malamulo a munthu n'kuwapereka kwa makina amene ali mkati. Mayi wina wa pa MIT pomwepo, Glenda Schroeder, ndi amene analemba shell ya ntchito yaikulu yotchedwa Multics.

Multics inali ntchito ya mabungwe atatu: MIT, General Electric ndi Bell Labs, nthambi ya kafukufuku ya kampani ya matelefoni ya AT&T. Inakula kwambiri, inachedwa, inadya ndalama, mpaka mu 1969 a Bell Labs anatulukamo. Akatswiri awo ku Murray Hill, m'chigawo cha New Jersey, anatsala manja ali m'khosi. Mmodzi wa iwo, Ken Thompson, anapeza kakompyuta ka PDP-7 kamene kankangokhala pakona. Chaka chomwecho mkazi wake anatenga mwana wawo wakhanda kupita ku California kukaona makolo kwa masabata angapo. Bambo atatsala okha pakhomo, anagawa ntchito, sabata imodzi pa chigawo chilichonse, ndipo pomwe banja limabwerako anali atayala maziko a chimene chinadzatchedwa Unix. Mnzake wapamtima pa ntchitoyi anali Dennis Ritchie, amene pambuyo pake anapanga chiyankhulo cha makompyuta cha C.

Tsono mvetserani apa, inu olemba. Mabwana a Bell Labs sankafuna kumvanso za ntchito zonga Multics. Kuti agulitsidwe kompyuta yabwinoko, Thompson ndi anzake analonjeza kuti akonza njira yolembera ndi kusanja zikalata. Mu 1970 anapatsidwa PDP-11, imene memori yake yonse inali makilobaiti 24, moti chithunzi chimodzi chimene mumatumizirana pa WhatsApp sichikanakwanamo. Anthu oyamba kugwiritsa ntchito Unix kunja kwa gulu la akatswiriwa anali otaipa atatu a mu ofesi yoona za umwini wa zinthu zotulukiridwa kumene. Tsiku lonse ankataipa zikalata zofunika manambala a mizere. Ndiye kuti Unix inayamba kudzipezera chakudya ngati mlembi. Buku lake loyamba la malangizo linatuluka mu Novembala 1971.

Mkulu wa gululi anali Doug McIlroy. Kuyambira mu 1964 iyeyu anali ndi ganizo limodzi limene ankavutitsa nalo anzake. Analemba kakalata kosonyeza kuti mapulogalamu ayenera kulumikizika ngati mapaipi othirira m'dimba: madzi akafunika kufika patali, mumangolumikizako chidutswa china. Aliyense amene anathirirapo dimba la tomato akumva. Zotuluka mu pulogalamu yoyamba zizilowa mu yachiwiri, za yachiwiri mu yachitatu, popanda kuzisunga kaye penapake. Anzake ankangogwedeza mutu kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa 1973 Thompson anagonja, nakhala pansi usiku umodzi n'kuikamo mapaipiwo. Posakhalitsa chizindikiro chake chinakhala kamzere koimirira aka: |

Kamzere kameneka kanasintha kaganizidwe konse. M'malo molemba chipulogalamu chimodzi chochita zonse, anayamba kupanga tizida ting'onoting'ono, kalikonse kodziwa ntchito imodzi bwinobwino. Kena kosanja mizere motsata alifabeti, kotchedwa sort. Kena kowerenga kuchuluka kwa mawu, wc. Zili ngati pa ntchito yomanga nyumba: wina amaumba njerwa, wina amatunga madzi, wina amaponda dothi, ndipo mmisiri amangolumikiza. Shell ndiye inakhala mmisiriyo, kapena tinene kuti inu amene mukulemba lamulo ndinu mmisiri.

Tifike tsono pa chida chimene chikanakupezerani ndakatulo ija. M'zaka za 1787 ndi 1788, nyuzipepala za ku New York zinasindikiza nkhani zolimbikitsa anthu kuvomereza malamulo oyendetsera dziko la America. Zonse pamodzi zilipo 85, ndipo zimadziwika kuti Federalist Papers. Zinkatuluka ndi dzina lobisalira loti Publius, koma olemba ake anali atatu: Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay. Pa nkhani zina panabuka mkangano wakuti analemba ndi Hamilton kapena Madison, ndipo mkanganowo unatha zaka zoposa 100. Njira imodzi yoweruzira inali kuwerenga timawu ting'onoting'ono timene wolemba amagwiritsa ntchito mosazindikira. Paja tonsefe tili nato, wina sangathe ndime popanda "choncho", wina popanda "ndithu".

Ku Bell Labs kunali Lee McMahon, amene ankafuna kufufuza zolembazi pa kompyuta. Malinga ndi mmene Brian Kernighan, mmodzi wa gululi, amafotokozera, vuto linali lakuti pulogalamu yolembera ya nthawiyo, ed, sinkatha kunyamula zolemba zochuluka chotero. Mu ed munali kale lamulo lolembedwa g/re/p, kutanthauza kuti: yang'ana mizere yonse, peza imene ikufanana ndi chitsanzo ichi, isindikize. Thompson anachotsa kachigawo kameneko n'kukasandutsa chida choima pachokha, chowerenga mzere umodzi pa nthawi, moti kukula kwa fayilo kunalibenso kanthu. Dzina linatsala lomwelo, grep. Izi zinali cha m'ma 1973.

Lero mutakhala mu foda ya zolemba zanu n'kulemba

grep -ril "fungo la dothi" .

mudzaona mayina a mafayilo onse amene muli mawu amenewo. Chilembo r chikuti lowa m'mafoda onse a mkati, i chikuti usasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono, l chikuti ndipatse mayina a mafayilo okha, ndipo kadontho ka kumapetoko kakuti yambira pano pomwe ndili. Chenjezo limodzi: grep imawerenga zolemba wamba, zija zothera ndi .txt. Fayilo ya Word yothera ndi .docx imakhala yopanikizidwa mkati, ndiye grep siiona mawu ake. Ichi ndi chifukwa chimodzi chosungira kope la .txt la ntchito iliyonse imene mumaikonda.

Musaganize kuti munali abambo okhaokha mu mbiriyi. Lorinda Cherry, amene anamwalira mu 2022, anagwira nawo ntchito yofufuza zolembedwa. Iye ndi Robert Morris anakonza typo, chida chosaka mawu olakwika poona magulu a zilembo osazolowereka. Pambuyo pake Cherry anathandiza kupanga Writer's Workbench, gulu la zida zoyeza kutalika kwa ziganizo ndi kuloza mawu otopetsa. Kamzere kofiira kamene kamakuvutitsani pansi pa mawu a Chichewa mu Word kali ndi makolo ake, ndipo ena mwa iwo ndi amenewa.

Pamene grep imayang'ana mkati mwa fayilo, find imayang'ana kunja: dzina, kukula, tsiku limene inasinthidwa. Mtundu wake umene tikuudziwa lero unalembedwa ndi Dick Haight, wa ku Bell Labs komweko, m'zaka za m'ma 1970. Mukalemba

find . -name "*.txt" -mtime -7

ikupatsani mafayilo onse a .txt amene munawakhudza m'masiku 7 apitawa, ngakhale atabisala mu foda ya mkati mwa foda. Kanyenyezi kaja kakutanthauza "chilichonse". McMahon uja anawonjezapo sed, yosintha mawu akamadutsa mu paipi. Mu 1977 kunabwera awk, dzina lochokera ku zilembo zoyamba za eni ake: Aho, Weinberger ndi Kernighan. Kenako mu 1979 Stephen Bourne, wochokera ku Britain, anatulutsa shell imene inali chiyankhulo chenicheni, yotha kunena kuti "ngati zili chonchi, chita chakuti" komanso "bwereza izi pa fayilo iliyonse". Loto la Pouzin linakhwima pamenepo. Ntchito ya maola atatu, monga kusintha mayina a mafayilo 500, inasanduka mizere itatu yosungidwa mu script.

Nkhani yotchuka kwambiri yosonyeza mphamvu ya zidazi inachitika mu 1986. Jon Bentley, amene ankalemba danga lake m'magazini ya Communications of the ACM, anapempha Donald Knuth wa ku Stanford, mmodzi wa akatswiri olemekezeka kwambiri a makompyuta, kuti aonetse luso lake lolemba pulogalamu yowerengeka ngati nkhani. Funso linali ili: tenga zolembedwa, upeze mawu amene akubwerezedwa kwambiri, uwasanje. Knuth analemba pulogalamu yokongola ya masamba pafupifupi 10. McIlroy anapemphedwa kuti aiunike, monga timachitira muno ndi ndakatulo za anzathu. Anaiyamikira, kenako anayankha funso lomwelo ndi malamulo 6 olumikizidwa ndi mapaipi. Loyamba, tr, limaika liwu lililonse pa mzere wake. Lachiwiri, tr yomweyo, limasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono. Lachitatu, sort, limasonkhanitsa mawu ofanana pamodzi. Lachinayi, uniq, limawerenga kuti liwu lililonse laoneka kangati. Lachisanu limasanjanso kuyambira lochuluka. Lomaliza, sed, limadula mndandanda pamene mwafuna. Basi. Kunena chilungamo, Knuth anapemphedwa kuonetsa kalembedwe kake ndipo anachita zomwezo. Koma phunziro la McIlroy linamveka: musanasule khasu latsopano, yang'anani kaye amene ali kale m'nkhokwe.

Mutayesa mizere 6 imeneyi pa nkhani yanu ya Chichewa mudzaseka. McIlroy anauza makina kuti liwu ndi zilembo za A mpaka Z zokha. Ndiye "ng'ombe" idzaduka pawiri, "ng" ndi "ombe". "M'mudzi" idzakhala "m" ndi "mudzi". Amene mumalemba "Malaŵi" ndi kadenga pa w mudzapeza "mala" ndi "i". Chida chimanyamula chiyankhulo cha amene anachisula, ndipo ife tiyenera kuchiuza za chathu. Komabe pali mbali ina imene grep imatikomera. Mawu athu amamera nthambi kutsogolo ndi kumbuyo: anapita, tidzapita, osapitanso. Mukasaka "pita" mudzawagwira onse nthawi imodzi. Mudzagwiranso "kapitawo", chifukwa makina amangoona zilembo, tanthauzo alibe nalo ntchito.

Za kadenga ka pa ŵ, amene anatithandiza ndi Thompson yemwe uja. Mu Seputembala 1992, iye ndi Rob Pike ali m'kamalo kodyera ku New Jersey, anajambula pa pepala loyalira mbale njira yosungira zilembo za ziyankhulo zonse popanda kusokoneza mafayilo akale. Njirayo ndi UTF-8, imene masamba ambiri a pa intaneti akugwiritsa ntchito lero. Mukalemba ŵ pa foni n'kufika bwinobwino kwa mnzanu ku Johannesburg, mwadyerera pepala lija.

Tsono mpeni wakuthwa sumasankha chodula. Zida zimenezi zinapangidwa ndi anthu okhulupirira kuti wolamula akudziwa chimene akuchita. Lamulo la rm silifunsa kuti "mwatsimikiza?", ndipo chimene lafafaniza sichipita mu bini yoti mukatolenso. Mu 1998, ku kampani ya Pixar, pamene filimu ya Toy Story 2 inkapangidwa, munthu wina analemba lamulo la rm lofafaniza zonse pa malo olakwika. Anthu ankaona zinthu za mu filimu zikusowa chimodzichimodzi. Pomwe ankazimitsa makina, pafupifupi 90 peresenti ya ntchito inali itapita. Atathamangira ku makope osungira, anapeza kuti sankasungika bwino ndipo palibe amene ankadziwa. Anawapulumutsa ndi Galyn Susman, mmodzi wa akuluakulu a zaluso, amene ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi mwana wakhanda ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Kompyutayo anaikulunga m'mabulangete n'kuinyamula pa galimoto ngati wodwala.

Mwina mukuti izo n'zakale. Mu Disembala 2021, pa sukulu ya ukachenjede ya Kyoto ku Japan, mafayilo pafupifupi 34 miliyoni, okwana materabaiti 77, a magulu 14 a ofufuza, anafafanizika m'masiku awiri. Wolakwa anali script yosamalira makope osungira. Mkati mwake munali lamulo la find losaka mafayilo a malipoti opitirira masiku 10 n'kuwachotsa. Akatswiri a kampani ya Hewlett Packard Enterprise anaika script yatsopano pamwamba pa yakale pamene yakaleyo inali ikugwirabe ntchito. Shell imawerenga script pang'onopang'ono ikamayenda, ndiye inayamba ndi yakale n'kupitiriza ndi yatsopano. Dzina la foda yoti isesedwe linasowa pakati, ndipo find inayamba kusesa nkhokwe yaikulu ya ofufuza. Kampaniyo inavomera kulakwa, koma ntchito ina sinabwererenso. Find sinalakwitse chilichonse pamenepo, inachita ndendende zimene inauzidwa.

Anthu odziwa zidazi anatolapo miyambo itatu pa ngozi zotere. Woyamba: musanalamule find kuti ifafanize, ilamuleni kaye ingoonetsa mndandanda, muuwerenge ndi maso anu. Wachiwiri: ntchito imene ili pa malo amodzi okha muiyese ngati kulibe. Wachitatu, umene a Pixar anauphunzira mowawa: kope losungira limene simunayesepo kulitsegula musalidalire.

Kodi zidazi zili kuti lero? Zili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Mu 1983, chaka chimene Thompson ndi Ritchie analandira mphotho ya Turing, Richard Stallman analengeza ntchito ya GNU yolembanso zida za Unix kuti aliyense azigwiritsa ntchito mwaulere. Mu 1989 Brian Fox anatulutsa bash, shell yolowa m'malo mwa ya Bourne. Mu 1991 wophunzira wa ku Helsinki, Linus Torvalds, anayamba Linux. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, liwu lofanana ndi umunthu wathu uja. Foni ya Android imene mwina mukuwerengerapo nkhaniyi imayenda pa Linux, ndipo ndi pulogalamu ya Termux mukhoza kulemba grep ndi find pa foni pomwepo. Pa Mac tsegulani Terminal. Pa Windows, kuyambira mu 2016, pali njira yoikiramo Linux yotchedwa WSL.

Sindikunena kuti wolemba ndakatulo aliyense asanduke katswiri wa makompyuta, ayi. Koma taganizani za zimene tikusiya. Agogo athu a zolembalemba anasiya mapepala, ena chiswe chinadya, ena alipo. Ife tikusiya mafayilo m'malaputopu akufa, m'maflashi obwerekana, m'mafoni obedwa pa depoti. Fayilo ya .txt imene inalembedwa pa Unix mu 1973 ikhoza kuwerengeka lero popanda vuto, ndipo grep ya lero ikhoza kusakamo mawu. Ndi mapulogalamu angati a mu foni yanu amene mukukhulupirira kuti adzatsegula zolemba zanu zaka 50 zikubwerazi?

Ntchito ya sabata ino ndi iyi, abale. Sonkhanitsani zolemba zanu zonse mu foda imodzi. Zimene mumazikonda kwambiri, zisungeninso ngati .txt, ndipo muzipatse mayina oyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2023-11-04-mvula.txt, kuti zizisanjika zokha. Koperani foda yonseyo pa malo awiri osiyana, kenako tsegulani kope limodzi muone ngati likuwerengeka. Amene muli ndi mtima wofuna kuyesa, sakani liwu limodzi ndi grep. Rm ija muisiye kaye mpaka dzanja litazolowera.

Ndipo amene mutayese kuwerenga mawu anu monga anachitira McIlroy, mudzatiuze liwu limene mwapeza kuti mumalibwereza kwambiri. Ine langa ndikulidziwa kale, mwaliona nokha m'nkhani muno. Tionana sabata ya mawa.